Mpope Wokokera Kumanzere

Wigston, Leicester
9 Epulo 2018

Okondedwa bambo,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ku Namadzi pamodzi ndi achemwali a Gladys ndi ana. Kuno tonse tili bwino. Mayi a Mayankho akugwirabe ntchito yawo ya unesi, Mayankho akutalika ngati chimanga cha padambo. Chisanu chimene chinatizunza mu Malichi chatisiya tsopano.

Mudabwa kuona kalata yanga pomwe si Khirisimasi. Pafoni simumva, ndipo nkhani iyi sindikufuna kuti a Gladys azichita kukukuwirani m'khutu. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi munakonza mfuti za asilikali, ine osakufunsanipo ngakhale dzina la sikuluwu imodzi. Lero ndabwera ndi funso.

Ndapeza mfuti yakale ya mpweya, ya zothyola pakati zija. Inabwera m'katoni ili zidutswazidutswa. Thabwa lake ndalipala n'kulipaka mafuta, sipuling'i ndaikamo yatsopano. Mpope wake unadyeka ndi dzimbiri, ndiye ndinaitanitsa wina. Musade nkhawa, kuno mfuti ya mpweya siifuna laisensi bola isapitirire mphamvu imene boma linaika. Ndikugwirira mu shedi kuseri kwa nyumba, ndamangiramo kavaisi kopanira zitsulo.

Mpope watsopanowo ndaulowetsa, koma ndikawombera pa pepala tizipolopolo tonse tikugwera kumanzere, pafupifupi zala zinayi. Saiti yolunjikitsira ndaisuntha mpaka yafika kumapeto. Ndalakwitsa pati? Mundiyankhe mwachangu, komanso mundiuze za mwendo wanu uja ndi mmene chimanga chakhalira chaka chino.

Mwana wanu,
Willie

Wigston
24 Epulo 2018

Okondedwa apongozi,

Ndine mpongozi wanu Atuweni, mayi a Mayankho. Moni kwa inu ndi kwa alamu anga a Gladys. Pepani kuti ndakulemberani mosadziwitsa bambo a Mayankho. Ndasowa wina woti ndimuuze.

Sindikudziwa ngati mwana wanu anakuuzani kuti sali pa ntchito kuyambira pa 12 Malichi. Anawasasipenda. Ku keya homu kwawo, nyumba yosamalira okalamba ku Oadby, bambo wina wokalamba anagwa kubafa n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Manejala wawo, mayi wina dzina lake Hazel, analemba lipoti kuti iwo anamusiya yekha. Iwo akuti tsiku limenelo anali okha ndi anthu okalamba khumi ndi anayi, ndipo anali atamuuza Hazel katatu kuti antchito akuchepa. Mlandu wawo udzakambidwa pa 14 Juni. Akapezeka olakwa, ntchito yosamalira anthu sadzaigwiranso m'dziko muno.

Ine ndinalakwitsa. Tsiku lina nditabwera ku shifiti wotopa ndinawauza kuti, “Mukanangokhala chete ngati anzanu zonsezi sizikanabwera.” Anandiyang'ana n'kutuluka panja. Kuchokera tsikulo timalankhulana za magetsi ndi za sukulu ya mwana basi.

Chimene chikundiopsa ndi ichi. Masana amatenga galimoto osanena kopita. Akabwera amalowa mu shedi n'kudzitsekera, kiyi amamangirira m'khosi. Ndimamva kuti phwa, kenako zii, kenako phwa. Mwezi watha kunabwera phukusi lalitali lolemera. Nditafunsa anati ndi chitsulo. Sabata yatha ndinasuzumira pawindo, ndinaona kuti ndi mfuti.

Kutchalitchi anasiya. Kudya amangonyambita. Lachisanu ndinawapeza akuwerenganso kalata ya kuntchito ija, ndipo anati, “Hazel ameneyu sakundidziwa.” Ananena motsitsa mawu, osakhala ngati akuuza ine.

Apongozi, inu zamfuti mumazidziwa, mwana wanunso mumamudziwa. Ndiuzeni ngati ndikungoopa chabe. Chonde musawauze kuti ndalemba.

Mpongozi wanu,
Atuweni

Namadzi, Chiradzulu
30 Epulo 2018

Willie mwana wanga,

Kalata yako ya pa 9 ndailandira. Tili bwino. Mwendo ukupweteka kukazizira. Chimanga chachepa, mbozi zinatiyambira msanga, koma sitigona ndi njala. Upereke moni kwa apongozi anga ndi kwa mdzukulu wanga.

Kalatayo ndaiwerenga katatu. Gladys wandiseka kuti ndikumwetulira ndekha. Ndinkayesa ntchito yanga ndidzapita nayo kumanda.

Tamvera. Choyamba, usathamangire kuimba mlandu mpope. Nthawi zambiri wokhota ndi munthu. Uike mfutiyo pa thumba la mchenga, uwombere kasanu osasintha kagwiridwe. Tizipolopolo tikaunjikana pamodzi kumanzereko, ndiye kuti vuto si dzanja lako.

Chachiwiri, umasule zonse, upukute pokhalira mpopewo. Kanyenyeswa kochepa ngati njere ya therere kamasocheretsa chipolopolo. Pomanga usamalize mbali imodzi. Uzipita uku pang'ono, uko pang'ono, ngati mmene amamangira tayala. Kenako upachike pawindo ulusi womangirira kamwala kunsi kwake, uyang'ane kudzera m'kati mwa mpope, uone ngati ulusiwo ndi saiti zikugwirizana.

Chachitatu, ndipo ichi uchisunge: chitsulo sachikakamiza. Usachipanikize ndi kanthu, usachimenye. Chikakana, ubwerere pambuyo ufunse chifukwa chake.

Mfuti ya mpweya anthu amainyoza kuti ndi ya mbalame. Iwe usainyoze. Pafupi imapha munthu. Mdzukulu wanga asalowemo mu shediyo.

Sunanene za kuntchito. Ukuipeza bwanji nthawi ya zonsezi? Undiuze mmene ziyendere.

Bambo ako,
Kingstone Mangulenje

Wigston
14 Meyi 2018

Okondedwa bambo,

Zikomo kwambiri chifukwa cha kalata yanu. Tili bwino, nanga inu? Mwendowo muzikaonetsa kuchipatala, musamangopirira.

Ndachita zonse. Pokhalira mpope ndinapezadi kachitsulo kakang'ono kotumphuka, ndakasalaza. Zala zinayi zija zatsala ziwiri. Koma ziwirizo zakana. Ulusi ndapachika, ndayang'ana mpaka maso kutuluka misozi. Zikuoneka ngati mpope wapendekekera kumanzere pang'ono pokha, moti ukayang'ana mwachangu sungaone.

Wina akhoza kunena kuti zala ziwiri zilibe kanthu. Kwa ine zili ndi kanthu. Mpata wowombera udzakhala umodzi kapena iwiri basi, ndipo sindikufuna kuti idzaphonye. Iyenera kukhala itatha pofika pa 14 Juni. Likapita tsiku limenelo sidzakhalanso ndi ntchito.

Positi ikuchedwa. Mukalemba, a Gladys ajambule kalatayo ndi foni anditumizire.

Za kuntchito tidzakamba. Palibe chachilendo.

Mwana wanu,
Willie

Namadzi
31 Meyi 2018

Willie,

Tili bwino. Ndalandira kalata yako dzulo. Gladys ajambula iyi monga wanenera.

Udule kachidutswa ka chitini, ukapinde kawiri, ukalowetse pambali pa mpope, kumanja. Umange sikuluwu mwamphamvu mpaka itakana. Ikapanda kusintha, umenye mpopewo ndi hamala ya mtengo kufupi ndi tsinde. Usathamange. Ntchito yotere imatenga miyezi iwiri kapena itatu. Za pa 14 Juni uziiwale.

Mwana wanga, palibe munthu padziko amene ali woyenera kuti umutayire moyo wako. Uli ndi mwana wamkazi.

Bambo ako,
K. Mangulenje

Namadzi
31 Meyi 2018

Mayi a Mayankho,

Moni apongozi. Iyi Gladys atumiza pa foni yanu yokha.

Kalata yanu ya pa 24 Epulo yandipeza dzulo. Inakagona m'bokosi la sukulu ya pafupi nafe mwezi wathunthu. Yafika tsiku limodzi ndi ya mwamuna wanu. Ndikanailandira msanga sindikanachita zimene ndachita. Ndakhala ndikumuphunzitsa kulunjikitsa mfutiyo, osadziwa kanthu za mlandu.

Simukuopa chabe. Wandilembera kuti mfutiyo iyenera kutha pofika pa 14 Juni, kuti mpata wowombera ndi umodzi, ndipo sakufuna kuphonya. Tsikulo ndi lomwe mwanena inu. Za kuntchito akuti palibe chachilendo.

Ndamulembera malangizo abodza oti awononge mpopewo. Koma mwana uja ali ndi mutu, mwina awazindikira. Ndiye inu chitani izi. Akachoka, lowani mu shedi, tengani mpope wokha, mukautaye kutali. Popanda mpope palibe mfuti. Zikakanika, pitani kwa a boma pasanafike pa 14. Adzakwiya nanu, adzakwiyanso ndi ine. Ndi bwino atikwiyire ali kunja kuno kusiyana ndi kutikonda ali kundende.

Inu ndi mwana muzigona chipinda chokhoma.

Apongozi anu,
K. Mangulenje

Wigston
6 Juni 2018

Okondedwa apongozi,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino. Kuno zachitika, ndipo sindikudziwa ngati tachita bwino.

Masiku atatu ndinayesa kulowa mu shedi. Loko wake ndi wamkulu, kiyi sachoka m'khosi mwawo ngakhale posamba. Lamlungu ndinalimba mtima, ndinawafunsa kukhitchini. Ndinati, “Bambo a Mayankho, mfuti ija ndi ya chiyani?”

Anati, “Ndi ya munthu.”

“Munthu wake ndani?”

“Mukadziwa mudzavutika ndinu. Dikirani ipite 14.”

Nditasuzumiranso pawindo ndinaona kalendala pakhoma, pa 14 atazunguliza ndi cholembera chofiira.

Lolemba pa buleki ndinaimbira apolisi, nambala yawo ya nkhani zosafulumira. Ndinawauza kuti mwamuna wanga sanaopsezepo munthu, ndikungofuna wina abwere adzacheze naye. Anandifunsa mafunso ambiri, dzina la manejala ndi tsiku la mlandu. Ndinawapempha chinthu chimodzi, kuti abwere mwana ali kusukulu.

Anabwera dzulo cha m'ma teni. Ine ndinkayembekeza wapolisi mmodzi wa kabuku. Kunabwera magalimoto atatu, anatseka msewu wathu mbali zonse. Anatuluka amuna a mfuti zazikulu, ovala zakuda. Nyumba za kuno ndi zogundana, ndiye aneba onse anali pa mawindo. Bambo a Mayankho anali mu shedi. Anawaitana kuti atuluke manja ali m'mwamba. Anatuluka ali ndi kansanza ka mafuta m'manja, anawauza kuti akaponye. Anawagoneka chafufumimba pa udzu pafupi ndi chingwe choyanikira zovala, yunifomu ya Mayankho ikulendewera pamwamba pawo.

Sanalimbane. Akuwadzutsa atawamanga, anandiona nditaima pakhomo. Anandifunsa m'Chichewa kuti, “Ndi inu?” Ndinati eya. Anati, “Ndi bambo?” Apolisi anawalowetsa m'galimoto.

Anawatulutsa madzulo omwewo. Mfuti aitenga kuti akaiyeze mphamvu. Wapolisi wandifotokozera kuti ikakhala yosapitirira malire palibe mlandu. Koma poti anaikamo sipuling'i yatsopano, palibe akudziwa. Ikapitirira ngakhale pang'ono, ndi mlandu wosunga mfuti popanda laisensi. Pamenepo pali ndende, ndipo mapepala athu okhalira kuno akhoza kuwonongeka. Izi sindinkazidziwa pamene ndinkaimba foni.

Apolisi anapitanso kwa Hazel kukamuchenjeza, ndiye kuntchito kwawo aliyense wamva.

Akugona pa sofa. Sanandikalipire, sanandifunse kanthu. Mayankho wamva kwa anzake, wandifunsa m'Chingerezi ngati adadi ake ndi munthu woipa. Ndamuuza kuti ayi.

Mutipempherere.

Atuweni

Wigston
18 Juni 2018

Bambo,

Ndikhulupirira muli bwino. Ine ndili moyo.

Kalata yanu ya chitini ndi hamala ndinaiwerenga kamodzi kokha. Munthu amene anandilembera kuti chitsulo sachikakamiza sangandiuze kuti ndichimenye. Ndinayamba ndaganiza kuti mutu wanu wayamba kusokonekera, ndinachita mantha. Nditafika pa mawu omaliza aja ndinamvetsa. Munali mutandiweruza kale kuti ndine wakupha.

Mfutiyo mwini wake ndi a Jusab, bambo amene anagwa kubafa aja. Ndi mmwenye wobadwira ku Limbe, anabwera kuno mu 1976. Sitiroko inawapha dzanja lamanja n'kuwalanda Chingerezi chonse. Chinatsala ndi chilankhulo cha makolo awo ndi Chichewa. Pa homu yonse ija amene ankawamva ndinali ine ndekha. Zaka ziwiri ndawasambitsa, ndawameta, tikukamba za Limbe.

Atatuluka m'chipatala, mwana wawo Mehrunisa anawatengera kwake ku Evington. Anasiya kudya, ankangotchula dzina langa. Mehrunisa anandiimbira akulira. Kalata yondiimitsa ntchito inandiletsa kuonana nawo kapena abale awo mpaka mlandu utatha. Ndinapitabe. Uko ndi kumene ndinkapita masana. Mayi a Mayankho sindinawauze chifukwa nesi akadziwa zotere amayenera kunena, akabisa laisensi yake ili pangozi.

Tsiku lina anatumiza Mehrunisa kudenga kukatsitsa katoni. Anati, “Willie, iyi anandigulira bambo anga ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri. Nkhunda za pa denga la sitolo zinkandidziwa. Ikonze. Pa Idi adzukulu onse abwera, ndikufuna aone kuti agogo awo sanali munthu wa pa mpando chibadwire.” Ankafuna kugwetsa chitini chimodzi m'munda mwawo, ndi dzanja lamanzere, ine nditawagwirira. Mphamvu zawo ndi za kuwombera kamodzi kapena kawiri. Idi inali pa 15, ndiye ndinayenera kukapereka pa 14 ndikatuluka ku mlandu. Nkhani yonse ndi imeneyi.

Lachisanu adzukulu anabwera. Ine sindinapite. Mehrunisa akuti bambo ake anakhala pawindo kuyang'ana msewu mpaka dzuwa kulowa.

Ku mlandu anaika mlonda pakhomo chifukwa cha ine. Hazel anakhala kumapeto kwa tebulo, kutali nane. Mayi ameneyo ndinali nditamukonzera mapepala a mashifiti osonyeza kuti ndinali ndekha. Ndi zimene ndinkatanthauza ponena kuti sakundidziwa, mawu amene mayi a Mayankho akuti anakulemberani. Mapepalawo anawalandira. Koma pofotokoza za mfuti ndinayenera kuulula kuti ndinkapita ku Evington. Chigamulo achiimika mpaka apolisi atamaliza.

Mayi a Mayankho ndikuwamvetsa pang'ono, ankaona zinthu ndi maso ndipo ine sindinkalankhula. Koma inu munandibereka. Munali ndi foni ya a Gladys m'manja tsiku lomwelo. Chinakuletsani n'chiyani kulemba mzere umodzi kuti, mwana wanga, mfutiyi ukufuna kuwombera chiyani?

Musandilembere za mpope.

Willie

Namadzi
9 Julayi 2018

Willie mwana wanga,

Ndalandira kalata yako. Ndili bwino m'thupi. Apolisi anena chiyani? Gladys amayang'ana foni m'mawa uliwonse.

Ndinalakwa. Wandifunsa chifukwa chake sindinakufunse. Ndikuyankha, osati kuti ndidziyeretse.

Mu 1991 ndili ku kampu ina kumpoto, kopolo wina anabwera ndi mfuti yake kuti ikukokera pambali. Anali munthu waulemu, woimba kwaya. Ndinaona kuti maso ake sali bwino. Ndinamufunsa kuti, “Kopolo, kwagwanji?” Anaseka, anati, “Palibe chachilendo, bwana.” Ndinamukhulupirira. Ndinaikonza mfutiyo bwino kwambiri, ndinanyadira ntchito yanga. Patapita masiku anayi anawombera sajeni wake, bambo wa ana asanu, ali patali mamita zana. Kamodzi kokha. Ine ndi amene ndinanyamula mfutiyo kupita nayo kwa ofufuza.

Amayi ako anamwalira osaidziwa nkhaniyi. Ndiwe woyamba.

Nditaona mawu omwewo m'kalata yako, sindinaonenso iwe. Ndinaona kopolo uja. Ndinati kufunsa ndinafunsapo kale, ndipo munthu anafa. Pamenepo ndi pamene ndinakulakwira. Ndinakusenzetsa mlandu wa munthu amene sunamuonepo.

Apongozi anga usawasungire chakukhosi. Anachita zimene ndinawauza ine, ndipo anayamba akufunsa iwe maso ndi maso, chimene ine ndinalephera.

Ukapita kwa bambo Jusab ukawauze kuti amene anawalanda Idi yawo ndi nkhalamba inzawo ya ku Namadzi, ndipo ikupepesa.

Ngati sufuna kuyankha ndimva. Koma za apolisi zokha wina andiuze.

Bambo ako,
Kingstone

Wigston
27 Ogasiti 2018

Okondedwa bambo,

Pepani kuti ndakhala chete. Mwendo uli bwanji? A Gladys anandiuza kuti mwayamba kuyendera ndodo.

Apolisi anayeza mfuti. Inapezeka pansi pa malire, pang'ono pokha. Mlandu palibe. Anandiimbira pa 2 Ogasiti kuti ndikatenge.

A Jusab anamwalira pa 29 Julayi. Uthenga wanu ndinawauza akadali moyo. Anaseka mpaka kutsokomola, anati, “Bambo ako ndi msilikali. Anga akanandimenya kaye, kufunsa pambuyo.” Sanakwiye. Mfuti ndinakaipereka kwa Mehrunisa ndi zala zake ziwiri zomwezo. Waipachika pabalaza.

Kuntchito anagamula. Pa kugwa kwa a Jusab ndilibe mlandu, ndipo awonjezera antchito pa shifiti ija. Pa kupita ku Evington ndine wolakwa, andichotsa. Koma dzina langa sanalidetse, ndiye ndapeza malo ena, ndiyamba mwezi wamawa.

Achisilamu sachedwa kuika maliro. Uthenga wa imfa ya a Jusab unabwera m'mawa, masana tinali kumanda. Mayi a Mayankho anasinthanitsa shifiti ndi mnzawo kuti andiperekeze, ngakhale sindinawapemphe. Anakhala ndi azimayi kunyumba kwa Mehrunisa, munthu amene sanamuonepo, akutsuka makapu mpaka alendo kutha.

Pobwerera tinaima pa maloboti a ku Oadby. Anati, “Bambo a Mayankho, ndapepesa kambirimbiri ndipo ndipepesabe. Koma sindikufuna kukunamizani. Zitabwereranso mmene zinalili, inu osadya, osalankhula, kiyi m'khosi, ndikhoza kuimbanso.”

Ndinafuna kukwiya. Mkwiyo sunabwere. Ndinaimika galimoto pambali n'kuwauza chimene sindinauzepo munthu, ndipo tsopano ndikuuza inu, poti inunso mwandiuza chanu.

Hazel sindinamuganizirepo choipa, ngakhale tsiku limodzi. Koma sabata yachiwiri nditaimitsidwa, katoni ya a Jusab isanabwere, ndinapita pa siteshoni ya sitima ya ku South Wigston masana, ndilibe tikiti, ndilibe kopita. Ndinakhala pa benchi maola awiri. Ndinkaganiza kuti mayi ndi mwana zingawayendere bwino popanda munthu wa dzina loipa. Foni yochokera kwa Mehrunisa inalira ndili pomwepo. Shedi ija, bambo, inali yondipatsa chodzukira m'mawa.

Ndiye nonse awiri munaona utsi weniweni. Munangolakwitsa nyumba imene inkapsa.

Mayi a Mayankho sanalire. Anatulutsa foni pomwepo n'kundipezera tsiku kwa dokotala wathu. Ndapitako katatu tsopano. Amandiperekeza, amadikira panja.

Musandifunse ngati ndakukhululukirani, sindinafikepo. Ndikamatseka maso ndimamvabe udzu uja kumaso. Koma dzulo ndachoka pa sofa.

Mundilembere. Mundiuze dzina la sajeni uja, ndi ngati ana ake mukudziwa kumene ali. Mwanyamula nokha zaka zambiri.

Mwana wanu,
Willie